Ndinawalowetsa mugulupu osawafunsa

Bwana atanena kuti tizilumikizana pa WhatsApp, maso onse anali pa ine. Ndine wamng'ono mu ofesi yathu ku Liwonde, ndiye za mafoni basi ndi zanga. Madzulo omwewo ndinatsegula gulupu n'kuponyamo aliyense: a mu ofesi, madalaivala, ndi amayi ongodzipereka a ku Ntaja, Nsanama ndi Ulongwe. Ma setting ndinawasiya mmene anabwerera. Ndinkaona ngati sindinasankhe kanthu.

Patatha masabata awiri, mayi wina wa ku Ulongwe anandiimbira. "Achimwene, nambala yangayi anthu ayitenga kuti?" Bambo wina wa mugulupumo ankawaimbira usiku, mpaka amuna awo anayamba kufunsa mafunso. Mugulupu aliyense amaona nambala ya mnzake. Ndinkadziwa, kungoti sindinaziganizire.

Mnzanga anandipepesa kuti mlandu si wanga, munthu akhoza kutuluka kapena kubisa last seen. N'zoona, ndipo chiyambire 2019 ukhozanso kuletsa anthu kumangokulowetsa m'magulupu. Koma ndani angatuluke mugulupu momwe muli bwana, momwenso amalengezera za alawansi? Ukabisa last seen, mawa lake wina akufunsa moseka: ukubisa chani iwe?

Apa ndiye pandivuta. Chitseko chikakhala chotsegula kale, wochitseka amaoneka wokayikitsa. Chikakhala chotseka, wofuna kutsegula amangotsegula, palibe womufunsa. Choncho amene amasankha ma setting oyambira amasankhanso amene adzavutike kudzifotokoza, ndipo kawirikawiri amakhala wa malipiro ochepa, wa kafoni kobwerekana ndi apabanja. Ine, ndi digiri yangayi, ndinawasankhira ndili pampando.

Bwana nawo ali ndi mfundo. Mvula ikadula msewu, dalaivala amafunika nambala ya munthu wa kumudziko msanga. Sindikukana. Koma kufuna nambala imodzi tsiku limodzi si chifukwa chogawira nambala zonse kwa onse masiku onse. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo mu 2024 kunabwera Data Protection Act yomwe MACRA imayang'anira. Ine sindinafunike lamulo. Ndikadangofunsa.

Gulupu ija tinaitseka. Pano mauthenga ndimatumiza pa broadcast, aliyense amalandira payekha, bola akhale kuti anasunga nambala yanga. N'zotopetsa, ndipo ena akudandaula kuti macheza anatha. Mayi aja anagula SIM ina. Nambala yatsopanoyo sanandipatse.