Mulungu Anaitananso Mmisiri: Mawu kwa Aphunzitsi a ku Sekondale ndi Makolo

Aisraele ali m'chipululu, Mulungu analamula Mose kuti amumangire chihema chopatulika. Mose anali mneneri, Aroni anali wansembe, koma ntchito yosula mkuwa ndi kupala matabwa inafunika munthu wina. Buku la Eksodo, mutu 31, likusimba kuti Mulungu anasankha Bezalele, wa fuko la Yuda, namudzaza ndi Mzimu wake kuti adziwe kugwiritsa ntchito golide, siliva, mkuwa, miyala ndi mitengo. Mutu 35 ukuwonjezera kuti Bezalele ndi mnzake Oholiyabu analandiranso mphatso yophunzitsa ena luso lawolo. Choncho mmodzi mwa anthu oyamba amene Malembo amati anadzazidwa ndi Mzimu wa Mulungu anali mmisiri, ndiponso mphunzitsi wa ntchito zamanja.

Nkhani imeneyi ikukhudza sukulu za sekondale za m'Malawi. Pokonzekera mayeso a MSCE, mwana amasankha maphunziro amene adzalembe. Pali Masamu, Chingerezi, Biology, Physics ndi Chemistry. M'sukulu zina mulinso Woodwork, Metalwork, Technical Drawing, Home Economics ndi Clothing and Textiles. Pa ndandanda wa bungwe la MANEB, onsewa ndi maphunziro ovomerezeka. Koma m'mitima ya anthu ambiri, kuphatikizapo Akhristu, muli ndandanda wina. Wophunzira Physics amaonedwa ngati wanzeru, pamene wopita kukapala matabwa amaonedwa ngati walephera ndipo angomusunga kuti zaka zinayi zithe. Zotsatira zikatuluka, funso la m'nyumba zambiri ndi limodzi lokha: wapeza mapointi angati? Malo m'mayunivesite aboma ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza bwino, ndiye chaka ndi chaka achinyamata ambiri amabwerera kunyumba akudziona ngati achabechabe, chonsecho manja awo ali ndi luso limene palibe analiyang'anapo.

Mkhristu woganiza motere akumbukire zimene zinachitika ku Nazarete. Mu Mthenga Wabwino wa Marko, mutu 6, anthu a kwawo kwa Yesu anadabwa ndi nzeru zake, kenaka anamukana chifukwa ankamudziwa kuti ndi mmisiri wamatabwa. Kwa iwo, munthu wa zikhatho zokhakhala sakanatha kuwauza za Mulungu. Kunyoza ntchito yamanja kunawatseka maso mpaka sanamuzindikire Mpulumutsi ataima pakati pawo. Mwana wa Mulungu anakhala zaka zambiri za moyo wake pa ntchito imene anaphunzira kwa Yosefe Woyera. Paulo Woyera naye, ngakhale anaphunzira Malamulo kwa Gamaliele, ankasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akwila ndi Prisila, monga buku la Ntchito za Atumwi, mutu 18, likunenera. Mwa Paulo, buku ndi singano sizinkalimbana.

Mpingo wasunga chiphunzitso chimenechi. M'chaka cha 1955, Papa Pius XII anakhazikitsa chikondwerero cha Yosefe Woyera Mmisiri pa 1 May. M'chaka cha 1981, Papa Yohane Paulo II, amene ali mnyamata anagwirapo ntchito yophwanya miyala ku Poland, analemba kalata yotchedwa Laborem Exercens. M'kalatamo anaphunzitsa kuti ulemu wa ntchito umachokera kwa munthu amene akuigwira, yemwe ndi chifaniziro cha Mulungu, mosatengera kuti ntchitoyo ndi ya mu ofesi kapena ya pa shedi.

Apa ndi pamene udindo wa mphunzitsi wa ku sekondale ukuonekera. Iye amakumana ndi mwana pa msinkhu umene mwanayo akuyamba kudzifunsa kuti adzakhala ndani. Akuluakulu amati kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo mawu a mphunzitsi pa msinkhu umenewu amakhazikika kwambiri. Mphunzitsi wa Masamu akauza wophunzira kuti mutu wake ndi wouma, bola angopita kukasoka zovala, walakwa kawiri: wanyoza mwanayo, wanyozanso mnzake wophunzitsa kusoka. Mphunzitsi wa Woodwork naye akamalekerera ana ake kujomba Masamu ndi Chingerezi, akuwapha tsogolo. Kalipentala wosadziwa kuwerengera amaononga matabwa a mwini nyumba. Wa zamagetsi wosamvetsa Physics angathe kuotcha nyumba ya anthu. Telala wosatha kulemba ndi kuwerengera ndalama zake amagwira ntchito usana ndi usiku koma phindu osalioneka. Komanso popanda kukhoza Chingerezi, satifiketi ya MSCE siperekedwa. Maphunziro a m'buku ndi a manja ali ngati ziwalo za thupi limodzi zimene Paulo Woyera amafotokoza mu 1 Akorinto 12; chiwalo chimodzi chikanyozeka, thupi lonse limapunduka.

Don Bosco ndi chitsanzo chabwino cha mphunzitsi wotere. Mu mzinda wa Turin, ku Italy, iye anasonkhanitsa anyamata osauka amene anabwera kudzafuna ntchito. Ena anawaphunzitsa Chilatini ndipo anadzakhala ansembe. Ena anawatsegulira malo ophunzirira kusoka nsapato ndi zovala kuyambira m'chaka cha 1853, kenaka ukalipentala ndi kusindikiza mabuku. Onsewa ankadya pamodzi ndi kupemphera pamodzi. Iye ankayamba wamudziwa mnyamata aliyense asanamusonyeze njira yoyenera. Ana ake auzimu, a Salesian, akupitiriza ntchitoyi pa Don Bosco Youth Technical Institute ku Area 23 mu Lilongwe.

Mphunzitsi Wachikhristu azidziwa njira zonse zimene zilipo, kuti mwana wa Fomu 4 asamamve za yunivesite zokha. Kuyambira 1999 dziko lino lili ndi bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Kuli sukulu zaluso monga Soche, Lilongwe, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, kumene achinyamata amaphunzira kumanga nyumba, kuwotcherera zitsulo, umakanika, zamagetsi ndi zina. Khomo limeneli ndi la atsikana omwe. Mtsikana wokonda kukonza injini asakankhidwire kukhitchini chifukwa choti ndi wamkazi.

Makolo nawonso ali ndi gawo lawo. Bambo kapena mayi amene amabisa kwa anansi kuti mwana wake akuphunzira ukalipentala akuphunzitsa mwanayo kuchita manyazi ndi mphatso ya Mulungu. Aliyense wobwera ku Misa lero wakhala pa benchi imene anakhoma kalipentala, pansi pa denga limene anafolera amisiri, moyang'anana ndi guwa lansembe lokutidwa ndi nsalu imene anasoka telala. Ngakhale mkate ndi vinyo zimene wansembe amapereka kwa Mulungu zadutsa m'manja mwa alimi ndi antchito ena.

Parishi ingathe kuchitapo kanthu. Miphakati ikamasonkha ndalama zothandizira ophunzira osowa, iziwerengeranso wopita ku sukulu yaluso mofanana ndi wopita ku yunivesite. Amisiri a m'parishi aziitanidwa kudzalankhula ndi achinyamata, monga aitanidwira madokotala ndi maloya. Sukulu zambiri za CDSS zilibe malo kapena zipangizo zophunzitsira ntchito zamanja. Mkhristu amene ali ndi galaja kapena makina osokera angathe kulandira wophunzira mmodzi pa nthawi ya tchuthi. Ndipo aphunzitsi, amene ambiri amagwira ntchito m'makalasi odzaza, aziikidwa m'mapemphero a m'banja.

Mzimu Woyera amene anadzaza Bezalele awunikire aphunzitsi onse a ku sekondale, kuti azindikire mphatso imene Mulungu anaika mwa mwana aliyense ndi kuilera mokhulupirika. Yosefe Woyera Mmisiri ndi Maria Amayi a Mpulumutsi apempherere aphunzitsi, makolo ndi ophunzira onse. Amen.