Kwa Amene Atsekera Buku pa Ukwati wa kwa Frey

Mwa anthu amene amawerenga mabuku a George R. R. Martin, aja a A Song of Ice and Fire, alipo ambiri amene pofika pa buku lachitatu, A Storm of Swords, la m'chaka cha 2000, amalitseka mtima uli wowawa, nalumbira kuti sadzalitsegulanso. Ine sindiwadzudzula, pakuti m'menemo ndimo Walder Frey, nkhalamba yosunga mangawa, amaitanira Robb Stark ndi amake, Catelyn, ku ukwati, nawapatsa mkate ndi mchere monga chipangano chakuti pansi pa denga lake sadzaona choipa, ndipo ng'oma zili mkati molira, nawaphetsa pamodzi ndi ankhondo awo. Munthu amene anaona kale Eddard Stark akudulidwa mutu m'buku loyamba la 1996 angalekerenji kufunsa ngati mlembiyu ali ndi mawu ena oposa imfa ya olungama?

Funso loyenera, m'kuona kwanga, ndi lakuti mwaziwo ukakhetsedwa chimatsatira n'chiyani. Alipo mabuku amene amapha pofuna kudzidzimutsa chabe, wakufayo naiwalika tsamba lisanatembenuzidwe, ndipo otero kuwasiya pakati si kulakwa. Koma kwa Martin mlandu suola. Chiwembu chija sanachitole m'maloto: mu 1440, mnyamata wina wa banja lolemekezeka la Douglas anaitanidwa kukadya ku linga la Edinburgh pamodzi ndi mng'ono wake, ndipo onse awiri anaphedwa atangochoka pa chakudya. Chifukwa chake mlembiyu akudziwa kuti wopha mlendo amapha ndi chikhulupiriro chimene anthu amadyera pamodzi. M'buku lachisanu tikumana ndi Wyman Manderly, amene mwana wake anafera pa ukwati uja. Iyeyu alandira amuna atatu a kwa Frey, nawadyetsa, nawasekerera, ndipo powatsazika awapatsa akavalo monga mphatso, kuti ulendo wawo uthe mwa mwambo asanasowe m'njira. Ngakhale pobwezera, iye akana kuswa lamulo limene adani ake anaswa.

Chimene chimagwetsa ambiri mphwayi ndi buku lachinayi, A Feast for Crows, la 2005, popeza mitu ya Tyrion, Jon Snow ndi Daenerys mulibe, ndipo nkhani imayenda mwakachetechete. Komatu kuona maso a nkhono n'kudekha. M'menemo Brienne ayendayenda m'midzi yotenthedwa kufunafuna Sansa, natsagana ndi wansembe wosauka, Meribald, woyenda wopanda nsapato, ali ndi bulu ndi galu, amene afotokoza za mlimi wotengedwa kumunda kukamenya nkhondo ya mbuye wake, naona abale ake akufa mmodzimmodzi, nayamba kuba kuti adye, kufikira tsiku limene mtima usweka, nathawira kuthengo osadziwanso kwawo. Mabuku atatu oyamba anationetsa mafumu akulimbirana mpando. Ili likutionetsa amene analipira mtengo wake, ndipo kwa ine masamba amenewa ndiwo olemera koposa m'nkhani yonse.

Chilipo chovuta chimodzi chimene sindingachichepetse. Buku lachisanu, A Dance with Dragons, linatuluka mu 2011, pamene mlembi analonjeza asanu ndi awiri. Sewero la pa kanema lochokera m'mabukuwa linafika kumapeto ake mu 2019, koma mapeto a m'mabuku akali m'njira, ndipo Martin, wobadwa mu 1948, salinso mnyamata. Amene sangapirire nkhani yopanda chigamulo aime pa lachitatu, ndipo adzakhala atawerenga buku labwino. Koma inu amene munalitseka chifukwa imfa ya Catelyn inakupwetekani monga ya mbale wanu, litseguleninso, muwerenge kufikira lachisanu.