Kodi Tingatume Wina Kukatikondera Mnansi Wathu?

Mwezi uno tifuna kukambirana nanu funso limene latisautsa mtima masiku ambiri, ndipo likhudza makamaka mipingo ya mu mzinda wa Lilongwe. Funso lake ndi ili: mpingo ukasonkha ndalama nuzipereka ku bungwe losamala odwala, ana amasiye kapena andende, kodi watsiriza mangawa ake kwa aumphawi? Kapena tinene mwachidule, kodi munthu angathe kutuma wina kukamkondera mnansi wake?

Poyamba tiyeni tione umo mzindawu unamangidwira, pakuti funsoli lichokera pomwepo. Lilongwe wakale, amene lero timtcha Old Town, anakula m'mbali mwa mtsinje, pozinga boma, msika ndi masitolo. Pokonzekera kuchotsa likulu la dziko ku Zomba, chimene chinachitika m'chaka cha 1975, anamanga City Centre ndi Capital Hill cha kumpoto, nagawa mzinda m'zigawo zotchedwa ndi manambala. Zigawo zina, monga Area 10, Area 12 ndi Area 43, anazikonzera nyumba zazikulu za mabwalo otakasuka, ndipo lero zambiri zazingidwa ndi mipanda ya njerwa. Koma pafupi pomwepo pali Kauma, ndipo m'mbali mwa Area 47 muli Mtandire, kumene nyumba zili zothithikana, ndi mabanja ambiri agula madzi pa mpope umodzi. Mtunda wa pakati pa malo awa alonda ndi ogwira ntchito za m'nyumba auyenda ndi miyendo m'mawa ndi madzulo. Koma ambiri a ife amene tipemphera m'matchalitchi a m'zigawo zabwinozo sitinauyendepo chibadwire.

Kumudzi kumene ambirife tinakulira, funso lotere kunalibe. Mwana wamasiye anali ndi dzina, anali ndi amalume ake ndi agogo ake. Nkhalamba ikalephera khasu, abale ake anali kukonza thobwa naitana dima. Wosowa ndi womthandiza anali kudziwana nkhope. Mu mzinda si kotero. Mnyamata amene atambasula dzanja pa mlatho wa Lilongwe kapena pa depoti ya mabasi sitidziwa kwao, sitidziwa ngati ali ndi make, sitidziwanso kumene ndalama yathu ikagona usiku umenewo. Chifukwa cha ichi mipingo inayamba kugwirana manja ndi mabungwe odziwa ntchitoyi.

Alipo ena amene anena kuti mabungwe angodya ndalama za aumphawi m'magalimoto ndi m'maofesi, ndipo kuti Mkhristu azipereka yekha ndi dzanja lake. Ife sitivomerezana nawo. Taonani ntchito ya zipatala za mishoni, monga Nkhoma ndi Likuni, zimene zinamangidwa pamodzi m'bungwe lotchedwa CHAM, limene chiyambi chake chinali m'chaka cha 1966. Zipatala za bungwe limeneli zisenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito yochiza anthu m'dziko lino. Kodi mpingo umodzi, ngakhale wolemera, ungathe kuphunzitsa anamwino ndi kusunga mankhwala chaka ndi chaka? Taonaninso a Tikondane, amene agwira ntchito pakati pa ana ogona m'misewu ya Lilongwe. Iwo afufuza kwao kwa mwana, nakambirana ndi abale ake, nayesa kumbwezera kumudzi ndi kusukulu. Ife tikamponyera mwanayo ndalama pa zenera la galimoto, kawirikawiri tingomkhazikitsa mumsewu. Ndipo pamene namondwe wa Freddy anakantha chigawo cha kummwera m'mwezi wa March 2023, napha anthu oposa 1,000, kodi Akhristu a ku Lilongwe akanafikitsa bwanji ufa ndi zofunda ku Phalombe ndi ku Mulanje popanda mabungwe monga CADECOM ndi CARD, amene adziwa njira ndi mafumu a kumeneko? Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Chotero kuthandiza mabungwe ndi chinthu chabwino, ndiponso chanzeru.

Koma funso lathu likali chiimire. Tiyeni tikumbuke fanizo la Msamariya, limene ana athu a sukulu alidziwa pamtima. Ambiri aiwala kuti m'fanizomo muli munthu wina, ndiye mwini nyumba ya alendo. Msamariya sanakhale ndi wovulalayo kufikira atachira, iai. Anamsiya m'manja mwa mwini nyumbayo, nalipira ndalama ziwiri, napitiriza ulendo wake. Mwini nyumbayo ndiye bungwe la masiku ano, ndipo pamenepa tiona kuti kupereka wosowa m'manja mwa odziwa kusamala si tchimo. Koma tipenyetsetse dongosolo la zimene anachita. Choyamba anamuona munthuyo, natsika pa bulu wake, namanga mabala ake ndi manja ake. Chachiwiri analipira mwini nyumba. Chachitatu analonjeza kubweranso kudzalipira zotsala. Ndalama ili pakati, pamene kutsogolo kwake kuli kuona ndi kumbuyo kwake kuli kubweranso. Mantha athu ndi akuti mipingo yambiri ya mu mzinda yasankha chapakati chokha, nisiya zinazo.

Tinena izi ndi manyazi, pakuti zinatichitikira ife eni. Chaka china mpingo umene tipempherako unasonkha ndalama zolipirira sukulu ana osowa, ndipo tinazipereka ku bungwe lina lokhulupirika. Tinakondwera pamene anatiwerengera chiwerengero cha ana othandizidwa. Patapita miyezi, amayi a mpingo anapita kukazonda mmodzi wa anawo amene anali kudwala. Atalowa m'nyumba anapeza kuti atate wa mwanayo ndi mlonda wa pa chipata cha mmodzi wa ife amene tinasonkha, ndipo kuti malipiro ake anali atachedwa miyezi iwiri. Dzanja limene linaponya mowolowa m'mbale ya chopereka ndi lomwelo linaumira mphotho ya wantchito. Mwini wakeyo sanali munthu woipa mtima. Anangokhala wosaona, pakuti anali kudutsa mlondayo tsiku ndi tsiku osadziwa ngakhale kuti ali ndi ana angati. Ndalama yake inayenda njira yaitali, kudzera ku tchalitchi ndi ku ofesi ya bungwe, kuti ifike kwa munthu amene anali kuima pa khomo lake lomwe.

Apa ndipo pagona yankho lathu. Tingathe kutuma wina kukamanga bala, kukaphunzitsa mwana, kapena kukagawa chimanga kutali. Koma kuona mnansi, kumdziwa dzina, ndi kumchitira chilungamo, izi sizitumika. Ndalama yoperekedwa ndi munthu amene waona isanduka mlatho. Ndalama yoperekedwa kuti wosauka asatisautse isanduka mpanda wina pamwamba pa mpanda wa njerwa uja.

Kapena wina adzati, “Kodi wodwala afuna nkhope yanga? Afuna mankhwala. Nthawi imene ndikanataya pomchezera ndiigwiritse ntchito, ndipeze ndalama zambiri zomthandiza.” Mau awa ali ndi choonadi chake, ndipo sitifuna kuwapeputsa. Kucheza kopanda kanthu m'manja sikuchiza malungo. Koma tiyankha kuti kuonako kuwongola wopatsayo. Munthu amene wakhala pansi ndi odikirira odwala pa chipatala cha Bwaila kapena cha Kamuzu Central, naona umo aphikira ndi umo agonera, sadzaperekanso zovala zong'ambika zimene iye mwini wazitaya. Munthu amene walowa m'ndende ya Maula naona kuthithikana kwa m'menemo, adzalankhula mosiyana za andende, ndipo womasulidwa akadza kufuna ntchito sadzamtsekera chitseko msanga. Ambiri opemphera m'matchalitchi a City Centre ndi zigawo zozinga ndiwo ogwira ntchito ku Capital Hill, amalonda, ndi oweruza milandu. Chimene maso awo aona Loweruka chingathe kusintha chimene dzanja lawo lilemba Lolemba, ndipo phindu la ichi liposa la mbale ya chopereka.

Tiyenera kuyamika amayi, pakuti iwo sanaiwale mbali iyi. Chigwirizano cha amayi a Sinodi ya Nkhoma, chimene chinayamba m'chaka cha 1940, pamodzi ndi magulu a amayi a mipingo ina, ndiwo apita ku zipatala ndi sopo ndi shuga, ndiwo achezera pa maliro. Koma kodi ife amuna tinamasulidwa liti ku ntchitoyi? Tachita ngati kuti chifundo cha miyendo ndi cha akazi, ndipo chathu ndi cha m'thumba chokha.

Tsono kubweranso kuja kutanthauza chiyani kwa mpingo? Choyamba, kupereka kosalekeza. Pa Khrisimasi nyumba za ana amasiye zidzala ndi alendo, mphatso ndi ojambula zithunzi; koma mu January ndi February, pamene chimanga chakwera mtengo ndi nkhokwe zili mbee, alendowo saonekanso. Bungwe lisowa bwenzi limene lingaliwerengere mwezi ndi mwezi, ngakhale chopereka chake chichepe. Chachiwiri, kufunsa umo ndalama zayendera. Ena ayesa kuti kufunsa ndiko kukayika abale. Koma ngakhale mtumwi Paulo, potumiza chopereka kwa osauka a ku Yerusalemu, anafuna kuti chiperekezedwe ndi anthu osankhidwa ndi mipingo, kuti pasakhale chomnenera. Bungwe loona likondwera kufunsidwa, ndipo losakhulupirika liopa mpingo umene ubweranso. Chachitatu, kusunga ulemu wa wolandira. Tisanaike chithunzi cha mayi wolandira thumba la ufa pa Facebook, tidzifunse ngati tikanalola kuti amayi athu otibala aonetsedwe chotero pamaso pa dziko.

Chifukwa chake tipempha abusa, akulu a mpingo ndi atumiki kuti pokonza za chifundo chaka chikudzachi aganizire zinthu izi. Asankhe mabungwe owerengeka, awiri kapena atatu, nakhale nawo zaka zambiri. Bungwe lililonse likhale ndi anthu a mumpingo, amuna ndi akazi, olichezera nthawi ndi nthawi ndi kubwera kudzafotokozera anzawo. Mlaga kapena mphakati uliwonse wa m'zigawo zolemera udziwane ndi unzake wa ku Kauma, Mtandire kapena Chinsapo, osati monga wopatsa ndi wopempha, koma monga ana a nyumba imodzi, pakuti kupatsa n'kuika, ndipo amene tiwathandiza lero ali nazo zotiphunzitsa za kupirira ndi kugawana. Ndipo lisanafike Lamulungu la chopereka, yense wa ife ayambe wafunsa m'nyumba mwake: kodi mlonda wanga, wophika wanga ndi wolera ana anga alandira zokwanira, ndipo alandira pa nthawi yake?

Tisaleke kuthandiza mabungwe, abale. Tiwonjezere ndithu, pakuti osowa achuluka ndipo antchito atopa. Koma mawa m'mawa, potuluka pa chipata, tiime pang'ono, timpatse moni munthu amene atitsegulira, ndi kumfunsa za ana ake.