Kodi Agwira Chiongolero Ndani?

Anthu a masiku ano anapanga makina okhoza kuongolera ndege mumlengalenga, ndipo Angerezi awatcha autopilot. Tsono funso limene tifuna kulingalira mwezi uno ndi ili: munthu akasiyira makina nchito yache, kapena akaisiyira mnzache, kodi mlandu wa nchitoyo wachoka pa iye?

Tiyambe tamva umo ayendetsera ndege. Kutsogolo kwa ndege yaikuru kukhala anthu awiri: wina agwira chiongolero, wina apenyerera zizindikiro za makina, nalankhula pa wailesi ndi iwo a pabwalo. Nchito iwachurukira pamene ndege yangonyamuka, irinkukwera. Pamenepo ayenera kulowetsa magudumu, kusunga liwiro, kukhotera ku njira imene auzidwa, ndi kuyankha wailesi, zonsezi m'mphindi zowerengeka. Ife a kuno kwa Lundu sitidabwa nazo, pakuti tidziwa kuti bwato likachoka pagombe la Shire kulowa pakati pothamanga madzi, opalasa aleka nthano. Momwemonso ku America anaika lamulo m'chaka cha 1981, lakuti oyendetsa asacheze nkhani zina ndege isanakwere mapazi 10,000. Ndipo makina aja awapeputsira katundu pa nthawi yotere. Chifukwa chache sitiwanyoza, ali chipangizo chabwino.

Koma taonani chimene chinachitika ku Douala, m'dziko la Cameroon, usiku wa pa 5 May 2007. Ndege ya Kenya Airways inanyamuka mumdima ndi mvula, kunka ku Nairobi. Itakwera pang'ono, mkuru wa oyendetsa analeka chiongolero, nanena mau akuti makina achilandire. Mnzache wamng'ono sanayankhe, ndipo makinawo sanalandire. Kwa masekondi 55 panalibe wogwira, munthu kapena makina, ndipo ndege inapendekeka pang'onopang'ono ku dzanja lamanja. Mumdima thupi la munthu silimva kupendekeka kotere. Maso okha, poyang'ana zizindikiro, ndiwo akadawauza. Pamene belu linawachenjeza, mkuru anagwiranso, koma posokonezeka anaonjeza kupendekeka kuja; ndipo ndege inagwa m'dambo pafupi ndi mudziwo, nafa anthu onse 114.

Sitinena izi kuti tiweruze akufa, iai. Tinena chifukwa cholakwa chao chiri chathu chomwe. Injini sizinafe, mapiko sanathyoke. Chinasoweka ndi yankho lokha. Tiganiza kuti nchito siinaperekedwe kufikira wolandira atati, Ndalandira, ndi woperekayo ataona ndi maso ache kuti nzoona. Pakati pa kupereka ndi kulandira pali mpata, ndipo mumpatamo ndimo mugwa zinthu. Mbuzi zidya m'dimba la mnansi pamene atate ayesa kuti mwana alinkuweta, ndi mwana ayesa kuti atate anazimanga. Kamwana kapita kumtsinje kwa ng'ona pamene amai ali pamtondo, poyesa kuti kali kwa agogo.

Wina adzati, Nanga thandizo lipindulanji ngati tiyenera kuliyang'anirabe? Tiyankha kuti thandizo lipumuza manja, koma maso siliwapumuza. Makina alibe manyazi, alibe chisoni, sakhala pabwalo la milandu. Chotero mlandu utsala ndi munthu amene anawakhulupirira. Iye amene amasula manja ache, awamasule kuti apenye bwino, si kuti agone.

Palinso mau kwa akuru ndi ang'ono. Mwambo wathu utiphunzitsa kulemekeza akuru, ndipo uli mwambo wokoma. Koma mnyamata wokhala kumutu kwa bwato, akaona mvuu nakhala chete poopa kudula mau a mkuru, sanamlemekeze, wammiza. Ndipo mkuru amene ang'ono aopa kumchenjeza wadzichotsera yekha maso awiri. Chifukwa chache oyendetsa ndege aphunzitsidwa kuti wina akati, Ndege iri m'manja mwako, mnzache abwereze mauwo momveka, ndi kuti wamng'ono anene msanga chimene aona.

Tsono ifenso titero m'nyumba, m'munda ndi pamsonkhano wa mudzi. Popereka nchito tidikire yankho. Polandira tiyankhe ndi mau omveka. Ndipo pa nthawi ya zochita zambiri tileke zina, tisunge chachikuru. Pakuti kuli bwino kufunsa kawiri, Agwira ndani? koposa kufunsa m'mawa mwache, Analeka ndani?