Khungu la Munthu ndi Lamulo la Boma

Kudzikongoletsa sikunayambe lero. Akazi a makedzana anali kudzola mafuta a nsatsi, kubvala mikanda ndi kutema mphini, ndipo panalibe wowadzudzula, pakuti anali kusamala thupi limene anabadwa nalo. Koma m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 kunafala malonda a mtundu wina. M'magazini a ku South Africa, monga Drum imene inayamba kusindikizidwa m'caka ca 1951, munali zithunzi za asungwana oyera khungu akumwetulira, ena ali pambali pa mwamuna wobvala bwino, ndipo pansi pace panali dzina la mafuta oyeretsa nkhope. Mafuta otere, monga Ambi, anafika ndi m'masitolo a ku Lusaka ndi ku Migodi komwe. Namwali poona cithunzico anali kuphunzira kuti kuda kwa khungu lace ndi cilema cofuna mankhwala.

Akulu anati, "Cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere." M'mafuta ena oyeretsa munali mercury, amene amaononga impso. Mwa ena munali hydroquinone, amene amaletsa thupi kupanga melanin, ndiwo utoto wochinjiriza khungu ku dzuwa. M'caka ca 1975 madokotala a ku Pretoria analemba za akazi amene, atadzola mankhwalawa nthawi yaitali, anaturuka mawanga akuda obvuta kucotsa. Tsono m'caka ca 1990 Boma la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzola, niletsanso otsatsa malonda kunena kuti zodzola zao zimayeretsa khungu. Dziko la Côte d'Ivoire linaika lamulo loletsa mafuta oyeretsa mu 2015.

Apa pali funso lalikuru. Kodi n'koyenera kuti Boma liletse munthu wamkulu kudzola cimene afuna pa thupi lace la iye mwini? Otsutsa amati khungu liri ndi mwini wace, ndipo ndarama zogulira n'zace. Amakumbutsanso kuti akazi aja sanali opusa: m'dziko la tsankho, m'mene woyererako anali kulemekezedwa koposa wakuda, iwo anali kungofuna njira yokhalira ndi moyo. Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo sayenera kunyozedwa.

Komabe ufulu wa kusankha umafuna coonadi. Munthu amene wamwa madzi a pa citsime cothiridwa ululu, mwini citsime atamuuza kuti ndi abwino, sanasankhe imfa; wanyengedwa. Wamalonda uja anayamba wadzala manyazi mumtima mwa namwali, kenaka nam'gulitsa mankhwala a manyaziwo, osachula za impso kapena za mawanga. Cifukwa cace Boma likaletsa ululu ndi bodza silimlanda munthu ufulu, koma limcotsera msampha pa njira, monga umo licitira poyesa masikelo a m'sitolo kuti wogula asaberedwe.

Koma mphamvu ya lamulo iri ndi malire. Ngakhale m'maiko amene analetsa, mafuta aja anapitirira kulowa mozemba ndi kugulidwa m'misika, cifukwa wapolisi angathe kulanda botolo, koma sangathe kulanda manyazi. Manyaziwo amakula ndi mau a pakhomo: agogo otama mdzukulu kuti "wabadwa woyera bwino," azakhali oseka mwana kuti "wada ngati makala," ndi mnyamata wofunsira mbeta poyang'ana kuwala kwa nkhope kokha. Mwana womva zotere akakula sasowa wom'kopa. Amapita yekha ku msika.

Cotero nchito iri pawiri. Ya Boma ndiyo kucotsa ululu ndi kuletsa bodza la otsatsa. Ya makolo ndi aphunzitsi njobvutirapo, ndiyo kusamala lilime pamaso pa ana, kuti mwana adziwe kusiyanitsa kukongoletsa thupi ndi kulikana. Namwali woleredwa motero angathe kudzola ndi kubvala monga afuna, osadzipepesa kwa munthu ali yense cifukwa ca khungu limene anabadwa nalo.