Mngelo Anayamba ndi Chakudya

Mawu: 1 Mafumu 19:1-21



Tonse timamdziwa Eliya wa pa phiri la Karimeli, amene anapemphera moto n'kutsika. Koma mutu wotsatira ukutionetsa munthu yemweyo atathawa Yezebeli, ali yekha m'chipululu pansi pa kamtengo, akupempha imfa. Taonani chimene Mulungu anachita. Sanamdzudzule kuti chikhulupiriro chake chachepa. Anamleka kuti agone. Mngelo anamdzutsa, nampatsa mkate ndi madzi. Anagonanso, nadya kachiwiri. Zokambirana zinadza pambuyo pake, ku Horebu.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino nkhaniyi timaimva bwino. Mulungu anaika m'magazi mwathu asilikali olimbana ndi matenda, ndiwo chitetezo cha m'thupi. Munthu akakhala ndi nkhawa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa cortisol, ndipo tikachuluka kwa nthawi yaitali asilikali aja amafooka. N'chifukwa chake mayi amene wadwazika mwamuna wake miyezi itatu, maliro akangotha nayenso amagwa: chimfine chosatha, zilonda za m'kamwa, mwina mashingozi. Pamudzi anthu amayamba kunong'ona za ufiti, chikhalirecho mnzathuyo wangotheratu mphamvu ngati Eliya.

Chipululu chathu kuno ndi Januwale ndi Febuluwale. M'nkhokwe mulibe kanthu, kumunda kukudikira, fodya akufuna kuthyola ndi kusoka mpaka usiku, ana akufuna fizi. Amene anaona njala ya 2002 kapena chilala cha 2024 safunika kuuzidwa. Nanga amadya pomaliza ndani? Ndife amayi. Timagawira bambo, ana ndi alendo, ife n'kumakokota mphika. Timati n'chikondi, koma tsiku limene mayi wagona pamphasa, m'nyumba monse moto umazima.

Mkate wa mngelo uli m'minda mwathu momwemu. Achipatala amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya, ndipo ambiri mwa iwo timalima tokha. Chotimvetsa chisoni n'chakuti mtedza ndi soya timagulitsa zonse kwa mavenda pa Mponela ndi pa Malomo nthawi yokolola, mtengo uli pansi, kenaka n'kumadya nsima ya ufa woyera ndi masamba amchere wokha. Sungani ndowa ingapo ya mtedza wa nsinjiro. Sakanizani soya wokazinga ndi mgaiwa pa phala. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi khwanya si ndiwo za amphawi ayi, zimapatsa magazi. Koma tichepetse soda ndi chidulo, ndiponso tisaphike masamba mpaka kufiira, chifukwa mavitamini ena amaonongeka. Mfutso tiyanike pamthunzi. Mbatata yofiira m'kati, maungu, mango ndi mapapaya zili ndi vitamini A, pamene magwafa ndi malambe ali ndi vitamini C. Dzira limodzi limene mwasungira mlendo, nthawi zina idyani ndinu.

Mngelo anabweretsanso madzi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi akumwa tiwawiritse kapena tithiremo klorini, m'manja tisambe ndi sopo. Ndipo tizigona, amayi. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7, m'neti.

Apa pali chenjezo. Masiku ano m'misika ndi pa WhatsApp mwadzaza mabotolo amene akuti amakweza chitetezo. Akuluakulufe tikukumbukira 1995, pamene anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Chisupe, poyembekeza kuchira Edzi. Maliro sanaleke. Anayamba kuchepa boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Chammwamba ndi ndiwo yabwino, adyo ndi wabwino, koma palibe tsamba limene lingalowe m'malo mwa ma ARV kapena mankhwala a TB a miyezi 6. Wina akakuuzani kuti mutaye mankhwala chifukwa wakupemphererani, kanani. Mulungu amene anatuma mngelo ndi yemweyo anapatsa nzeru madokotala.

Nyengo ya Lenti kawirikawiri imatipeza m'miyezi yovuta yomweyi. Mayi woyembekezera, woyamwitsa, wa matenda a shuga, kapena amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku asadzikakamize kusala chakudya. Asale miseche ndi mkwiyo; kumeneko ndiye kusala kovuta kwenikweni.

Ku Horebu Eliya anadandaula kuti watsala yekha. Mulungu anamuuza kuti alipo ena 7,000, nampatsanso Elisa woti aziyenda naye. Nkhawa yosungira mumtima imadya thupi, ndipo mnzathu wotopa sabwera yekha kudzanena. Choncho tikupempha nthambi iliyonse kuti pa msonkhano ukubwerawu mulembe mayina a amayi amene akudwazika, amasiye atsopano, ndi agogo amene akulera adzukulu okha. Mugawane awiriawiri. Popita kukawaona musanyamule buku la nyimbo lokha: tengani kambale ka ufa, nsinjiro pang'ono ndi mtolo wa nkhuni. Mukatha kupemphera, mmodzi akhale ndi wodwala, wina apite kumjigo, mwini nyumba akagone.

Ambuye akhale nanu nonse.