Ndalama za ku Joni: Mphatso Kapena Udindo?

Kuchokera pa Boma la Mzimba mpaka ku Embangweni, Edingeni ndi Jenda, nyumba zambiri zamalata zimene timaziona zinamangidwa ndi thukuta la ku Joni. Ulendowu ndi wakale. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela mpaka mu 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown nkupha amigodi a ku Malawi oposa 70. TEBA nayo inasiya kulemba Amalawi mu 1988, koma achinyamata akupitabe paokha, ambiri opanda mapepala okwanira.

Funso nali: ndalama ikafika pa Mukuru kapena pa foni, yasanduka yathu kuti tichite nayo zimene tafuna?

Ena amati inde, chopatsidwa ndi chako. Zoona, ndalama yogulira chimanga, mankhwala kapena kulipira fizi siinatayike. Mwana wokhuta ndi wophunzira ndiye chiyambi cha chitukuko.

Komabe akuluakulu anati kupatsa nkuika. Wotumizayo wagona m'kachipinda kopanikizana, wapirira chipongwe, ndipo akukumbukira ziwawa zothamangitsa alendo za mu 2008 ndi 2015. Chimene watumiza ndi zaka za moyo wake, ndipo waziika m'manja mwathu. Choncho wolandira ndi kapitawo, ayenera kunena zoona za mmene ndalamayo yayendera. Kunamiza m'bale kuti nyumba yafika pa mawindo pamene maziko sanakumbidwe, nkuba.

Tisaiwalenso kuti ndalama yongosunga imasungunuka. Mu Novembala 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Koma ndalama yolowa mu ng'ombe, chigayo, dimba kapena maphunziro a zaumisiri imapatsa ntchito ngakhale mnansi amene alibe m'bale kunja. Tikasiya khasu nkumangodikira foni, mudzi umawala malata koma nkhokwe zili mbee, ndipo mnyamata wa Fomu 2 amalota pasipoti m'malo mwa mayeso.

Nawonso otumiza ali ndi ngongole. Ndalama siilangiza mwana, siikhala pambali pa mayi wodwala. Munthu angathe kutumiza mwezi ndi mwezi koma nkukhala mtchona m'banja lake lomwe.

Ndalama ikafikanso, banja likhale pansi lidzifunse: kodi zimene tikuchita nayo zidzathandiza mdzukulu wathu kupeza chochita kuno kwathu, kapena nayenso adzakwera basi ya ku Joni chifukwa chosowa pogwira?